Pilokesi Imene Inasowa Loweruka

Lachiwiri, pa 9 Meyi

Masipuni a phala amene amayi ako adya lero: m'mawa 7, masana 4, madzulo 5. Onse pamodzi 16.
Lachiwiri lapitali anali 23. Kusiyana kwake 7.
Mapazi ochokera pabedi kukafika kubafa: 14. Kupumira panjira: kawiri.
Sikelo ya kuchipatala: Januwale makilo 52, Malichi 47, dzulo 43.
Makalata amene akulembera chitulukireni kundende: 38. Amene unayankha: 0.
Zaka zanga 79, zawo 71, zako 46.

Mwana wanga,

Moni wa m'nyumba muno akupeze uli bwino. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Bambo a ana ali bwanji ndi msana wawo? Nanga wamkulu uja, mayeso analemba? Ine ndilipo. Bondo lakumanzere lakaniratu ntchito, lakumanja likugwira ya awiri, ndipo likudandaula monga amachitira wantchito aliyense wotero.

Ndikudziwa kuti waona manambala ali pamwambawo n'kupukusa mutu, n'kunena kuti amayi sadzasintha. Sindidzasinthadi. Koma waonanso kuti ndatchula munthu amene unandiletsa kumutchula. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo unandilembera kuti za munthu uja ndisamakuuze, mayi wako ndine amene ndinakulera. Ndinamvera. Lero ndikuphwanya lamulo lako. Masamba a kalatayi ndi asanu ndi limodzi, ndawalemba manambala pakona. Uwerenge onse, kung'amba ung'ambe pambuyo.

Amayi ako, mng'ono wangayo, ali kuno kuyambira Januwale. Anagwa m'chipinda chawo cha lendi simbi ili m'manja, akusita malaya a anthu monga akhala akuchitira zaka makumi awiri ndi zisanu. Mkazi wa mwininyumba ndiye anadzandiitana. Kuchipatala anapeza chotupa m'mimba. Dokotala wake, mtsikana wamng'ono kuposa iwe, anati kwatsala miyezi itatu kapena isanu. Ndinamufunsa kuti itatu kapena isanu, popeza si zofanana. Anati iwo sawerenga choncho. Ine ndimawerenga choncho.

Akugona m'chipinda chako, pabedi lako lija la miyendo yachitsulo. Timakhalira kukangana ngati tili ana. Tiyi wanga akuti ndi madzi osambitsira tiyi. Windo ndikatsegula akuti ndikufuna kuwapha, ndikatseka akuti ndawaika kale m'bokosi. Dzana anandilanda tawulo m'manja n'kulipindanso okha, akuti ndimapinda ngati munthu amene moyo wake wonse ankangowerenga zochapa anzake. Pamenepo sananame, ndipo ndi za kuwerengako ndikufuna kukuuza.

Zimene ukudziwa iwe ndi zimene ankakuimbira ana anzako panjira ya kusukulu: kuti amayi ako anapha mlongo wako ali khanda, ndi kuti anachita kukonzekera. Unali ndi zaka zinayi. Sindinakuuzepo mwadongosolo mmene zinayendera. Ndikuuza tsopano.

Ndinkagwira ntchito kochapira kwa hotela yaikulu ija. Kunali pansi, masitepe 22 kutsika. Kunali mabeseni asanu ndi atatu a simenti, makina awiri, amodzi akufa, ndi matebulo aatali ositirapo. Nthunzi inkachita kudontha kudenga. Ochapa analipo khumi ndi awiri, manja awo oyera ndi osweka ngati a munthu wodwala. Ine sindinkanyowa. Ndinali kalaliki wa nsalu, ndili ndi tebulo langa pafupi ndi chitseko ndi buku la mizere yofiira.

Ntchito yake inali iyi. M'mawa ndinkapatsa wochapa aliyense mulu wake wowerenga: mashiti, matawulo, mapilokesi, nsalu za patebulo. Madzulo ankabweza mulu wowerenga. Nsalu iliyonse inali ndi chidindo cha hotela pakona. Ikasowa imodzi, ndinkalemba ndi inki yofiira pambali pa dzina la munthuyo, ndipo akalembedwa kawiri ankachotsedwa ntchito.

Zaka khumi ndi zinayi buku langa silinasiyanepo ndi zimene zinali pashelefu. Ochapawo ankanditcha aMasamu. Kapitawo wathu, mayi wamtali amene makiyi ankalira m'chiuno mwake mpaka tinamutcha aMakiyi, ankati tsiku lachiweruzo iye adzalumbirira buku langa, chifukwa Baibulo ena amalikayikira. Ndinkanamizira kukwiya akamatero, koma mumtima ndinkanona.

Bambo ako atapita ndi galimoto yawo ya katundu osabwereranso, ndine ndinawapemphera amayi ako malo kochapirako. Mlongo wako anali ndi miyezi iwiri. Inu awiri ankakusiyani kwa mayi wina wosoka zovala wa chipinda choyandikana ndi chanu. Masana tinkapuma ola limodzi. Iwo ankathamanga mphindi 25 kupita, mphindi khumi kuyamwitsa, mphindi 25 kubwerera. Kudya ankadyera panjira, buledi ali m'manja, ngati analipo.

Matewera anali nawo atatu. Inali nyengo yamvula, sankauma. Khandalo linkatsegula m'mimba kawirikawiri, ndipo nsanza zimene ankalimanga zinalisupula khungu.

Tsiku lina Lachinayi madzulo anabweza mapilokesi 59 m'malo mwa 60. Ndinawerenga katatu. Iwo anangoyang'ana pansi n'kunong'ona kuti achemwali, ndi yofewa, mwanayo wasupuka, mawa ndibweza yochapa ndi yosita, palibe adziwe. Ndinayang'ana kuchitseko. Ndinalemba 60.

M'mawa mwake inabweradi, yoyera kuposa zinzake. Zinachitika chomwecho kakhumi ndi kamodzi m'masabata asanu ndi awiri. M'buku sindinalembe paliponse, koma m'mutu ndinkawerenga. Nthawi zonse ndinkawakalipira kuti aka n'komaliza, iwo n'kumati inde aMasamu, ndipo tonse tinkadziwa kuti si komaliza.

Kenaka kuhotelako kunabwera msonkhano waukulu, zipinda zonse zinadzaza. Sabata yomweyo ochapa awiri anachotsedwa chifukwa cha sopo. Otsalawo anagwira masiku 16 osapuma, kuyambira faifi koloko m'mawa mpaka seveni madzulo. Ndinawaona amayi ako tsiku lina atagona chiimire, manja ali m'beseni. Mnzawo anawagwedeza n'kuwaseka kuti ngati afuna bedi akwere pamwamba, mabedi ali mazana awiri. Anaseka nawo.

Tsiku la 16 linali Loweruka la kutha kwa mwezi, tsiku lowerenga katundu yense. AMakiyi anabwera kudzaima pambali pa tebulo langa. Amayi ako anali ataipinda kale pilokesi m'kati mwa diresi. Anaika mulu wawo. Ndinawerenga 59. AMakiyi anawerenganso okha, 59. Anati lembani, aMasamu. Ndinatenga inki yofiira n'kulemba kuti yasowa imodzi, pambali pa dzina la mng'ono wanga.

Lamulungu linali tsiku lawo loyamba kupuma. Ndinadzakutenga m'mawa kupita nawe kutchalitchi kuti iwo agoneko. Khandalo sindinalitenge. Ndinkauza anthu kuti chifukwa linali loyamwa. Zoona, koma chifukwa china n'chakuti linkalira kwambiri ndiponso ndinali nditavala diresi yoyera.

Cha m'ma 12 koloko masana anagona nalo pabedi kuti aliyamwitse. Anadzuka folo koloko. Mayi wosoka uja anati anamva kugogoda pachitseko chake, pang'onopang'ono ngati munthu wodzapempha mchere. Atatsegula, amayi ako anangoti ndapha mwana wanga. Analowa n'kupeza khandalo lili kukhoma, pilokesi ili pankhope. Mawu omwewo amayi ako anawabwereza kupolisi, n'kusayina.

Mwana wanga, m'chipindamo munalibe ine. Sindingakuuze chinthu chimene sindinachione ndi maso. Dokotala woyeza mtembo anati khandalo linafa chifukwa chosowa mpweya, koma sakanatha kunena ngati linali dzanja la munthu wodzuka kapena thupi la munthu wogona. Amayi ako anauza khoti kuti anayala pilokesiyo kumutu kwa mwana chifukwa anali atasanzira nsalu yofunda, ndipo za pambuyo pake sakuzidziwa. Mayi wosoka anati sabata imeneyo anawamva kudzera kukhoma akukalipa kuti khala chete ndingakutaye. Palibe mayi amene sananenepo mawu otere, koma m'khoti amamveka mwina.

Choncho mlandu wonse unatsamira pa pilokesi ija. Loya wa boma anainyamula m'mwamba, chidindo cha hotela chikuoneka. Anati apolisi anafufuza chipinda chonse, munalibe pilo ngakhale imodzi. Ndiye munthu wopanda pilo angabe pilokesi ya chiyani, ndiponso bwanji anaiba dzulo lake lenileni la imfa ya mwana? Anati pamenepa palibe ngozi, pali kukonzekera.

Anandiitana tsiku lachitatu la mlandu. Ndinapita ndi buku. Loyayo analitsegula, analionetsa woweruza, n'kunena kuti akanakonda makalaliki a boma akanamalemba chonchi. Woweruza anavomera ndi mutu. AMakiyi anali pabenchi yachiwiri, bwana wa hotela ali pambali pawo. Amayi ako anali m'bokosi la oimbidwa mlandu, mapazi atatu kuchoka pamene ndinaima.

Mafunso anali asanu. Anafunsa ngati zolembazo zinali zanga. Ndinati inde. Ngati Loweruka lija inasowadi pilokesi pa dzina la woimbidwa mlandu. Ndinati inde. Ngati inali imeneyi. Ndinati chidindo chake n'chomwecho. Kenaka anafunsa ngati mayiyu anatengapo pilokesi tsiku lina lililonse m'mbuyomo.

Ndinati buku silikuonetsa zimenezo.

Anamwetulira n'kufunsa kuti nanga buku lanu limanama, mayi? Ndinati ayi bwana, silinama.

Ndinakhala pansi. Zonsezi sizinathe mphindi zisanu ndi imodzi, ndinayang'ana wotchi ya pakhoma.

Pogamula, woweruza ananena mawu amene ndingathe kuwanena ngakhale utandidzutsa kutulo. Anati chikanakhala chizolowezi cha mayiyu kutenga nsalu zotere n'kumagwiritsa ntchito pa mwana, khoti likanaona nkhaniyi mwanjira ina. Koma buku losungidwa bwino lasonyeza kuti anatenga kamodzi kokha, tsiku limodzi mwana asanafe. Anagamula kuti anyongedwe. Patatha miyezi isanu ndi itatu chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Anakhalamo zaka 17.

Ndinali ndi zifukwa zitatu zimene ndinkadziuza. Choyamba, ndikanavomera kuti ndinalemba 60 pamene zinali 59, Lolemba ndikanachotsedwa ntchito. Chachiwiri, iwe unali utabwera kale kwa ine ndi kathumba kako, ndipo unafunika kudya. Chachitatu, sindinaname kwenikweni, chifukwa bukulo silinkaonetsadi. Zifukwa zitatuzi ndazipukuta zaka zonsezi ngati mbale za alendo.

Koma pali chachinayi, ndipo ndicho chenicheni. Nditaima pamenepo, za ntchito kapena za iwe sizinabwere m'mutu. Zinabwera pambuyo, ndili panjira yobwerera kunyumba. Chimene chinandiletsa chinali maso a aMakiyi ndi mutu wa woweruza ukuvomera. Bukulo linali litangotamandidwa pamaso pa anthu, ndipo sindinathe kunena kuti ndi labodza. Palibe chinanso.

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwathu kuno zinatembenuka.

Uli ndi zaka khumi ndi chimodzi unabwera kuchokera kusukulu kolala itang'ambika, utamenyana. Unandifunsa uli chiimire pakhomo la khitchini kuti amayi aakulu, n'zoona kuti anachita kukonzekera? Ndinali kusenda mbatata. Ndinati khoti linatero. Waona, ndinakuyankhanso ngati mmene ndinayankhira loya uja. Kuyambira tsiku limenelo unasiya kunena kuti amayi anga, unayamba kunena kuti munthu uja, ndipo mawu akuti aakulu unawachotsa pa dzina langa. Ine ndinalibe mwana wangawanga. Ndinamva kukoma. Nachonso ndikuchilemba, chifukwa chiyenera kulowa m'chiwerengero.

Kundende ndinkapita kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Maulendo anayenera kukhala 68, ndinaphonya awiri, anatsala 66. Tinkapatsidwa mphindi khumi ndi zisanu, waya ali pakati. Za mlandu sitinakambepo. Funso lawo loyamba linali limodzimodzi nthawi zonse: mtsikana akuvala nsapato nambala chani tsopano? Ndikanena, ankayeza ndi zala padzanja lawo n'kunena kuti ee, akukula. Atatuluka iwe unali utapita kale kutali, ndipo unakana kubwera. Tinapitiriza kuyenderana, iwo ndi ine, zaka zina 25, tikukamba za mvula ndi za mawondo.

Lachinayi lapitali masana ndinkasintha zofunda pabedi lawo. Ndinali nditawakhazika pampando, iwo akundiyang'anira ngati kapitawo. Nditafika polowetsa pilo m'chovala chake anayamba kundiphunzitsa, akuti tembenuzani kaye, lowetsani manja m'kati, gwirani makona, mukuchita ngati mukuveka mbuzi malaya. Sindikudziwa chinandichitikira. Ndinakhala pabedi pilokesi ili pamiyendo, n'kuyamba kulankhula.

Ndinanena zonse, mwadongosolo, monga ndakulemberamu. Masiku khumi ndi limodzi aja, mafunso asanu aja, zifukwa zitatu ndi chachinayi chomwe. Sanandidule. Nditamaliza anapempha madzi. Anamwa makamwa awiri.

Kenaka anati achemwali, mukundifotokozera ngati tsikulo ine ndinali kumsika. Ndinali pomwepo, ndinakumvani bwinobwino. Anatinso komanso sikanali kakhumi ndi kamodzi, kanali kakhumi ndi kawiri.

Ndinati ayi, ndinawerenga. Anati munawerengadi, koma tsiku lija munabwera ndi tsaya lotupa dzino likukuwawani, zinali 59, inu munawerenga 60 ndi mtima wonse, ine n'kungokhala chete. Anayamba kuseka, akuti aMasamu analakwitsa samu, zaka zonsezi ndakhala ndikusunga nkhani imeneyi. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndinachita kuwasisita pamsana. Ine sindinaseke. Ndinakumbukira tsikulo, ndi dzinolo, ndipo akunena zoona.

Atapuma ndinawafunsa chimene ndakhala ndikuopa kufunsa. Ndinati nanga inu munalekeranji kunena? Munali ndi pakamwa, munali ndi loya.

Anati loya anali naye, kamnyamata ka jekete yobwereka ya manja aatali. Nditangotsika ine pa umboni, khoti linapuma, ndipo iye anawatsatira kuchitokosi. Anawagwira mapewa n'kuwafunsa katatu ngati anatengapo nsalu ina kale, ndi ngati pali wina amene ankadziwa. Anati mayi, moyo wanu uli pa funso limeneli. Iwo anamuyankha kuti palibe.

Ndinafunsa chifukwa. Anati nawonso masamu amawadziwa pang'ono, ngakhale sanafike patali ndi sukulu. Anawerenga pa zala pamaso panga. Mmodzi ali m'manda. Mmodzi ali m'manja mwa apolisi, ndipo ngakhale atamumasula palibe angamulembe ntchito kapena kumubwereka chipinda. Mmodzi ali pa ntchito ya malipiro a pamwezi. Mmodzi ali ndi zaka zinayi. Anati ndikanakutchulani, wa pantchitoyo akanachotsedwa, mwina n'kutsekeredwa limodzi ndi ine, ndiye wa zaka zinayiyo akanapita kwa yani? Mmodzi ndinali nditataya kale.

Kenaka anawonjeza kuti ndisawayese mngelo. Akuti masiku amenewo ankafuna kuti awanyonge ndithu, ndiye kukhala chete sikunawavute. Akutinso zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira ankadana ngakhale ndi kulira kwa nsapato zanga pakhonde la kundende, ndipo ankatuluka kudzandiona chifukwa cha nambala ya nsapato zako basi.

Ndinawafunsa ngati anandikhululukira. Anati achemwali, zimenezo ndinatopa nazo kuziganizira, sindikudziwanso pamene ndinazisiya. Ndipatseni piloyo, msana ukuwawa.

Ndinawapatsa. Ndikuwakonzera bulangete ndinalimba mtima n'kufunsa za masana aja, ngati akukumbukira kanthu. Anati akumbukira kuti anayala nsalu, anaika bere m'kamwa mwa mwana, ndipo kunja wina ankakhoma misomali. Chotsatira ndi kudzuka dzanja litachita dzanzi. Anati akhala akulowa m'chipinda chimenecho tsiku lililonse kwa zaka 42, koma nthawi zonse amapeza zitachitika kale.

Nditati ndikulembera, anakana. Anati musamusokoneze mwanayo, ali ndi mayi mmodzi, mukufuna mumulandenso ameneyo? Choncho kalata iyi ikuphwanya malamulo awiri, lako ndi lawo. Ndikulemba iwo ali mtulo, dzuwa lisanalowe, chifukwa maso anga sagwirizananso ndi nyali.

Sindikunena kuti amayi ako alibe mlandu. Sindikudziwa, ndipo eni ake sakudziwa. Ndikunena kuti mawu amene wakhala nawo pamtima kuyambira uli mwana, akuti anakonzekera, sanachokere m'chipinda chija. Anachokera pakamwa panga. Ndikunenanso kuti yunifomu iliyonse imene unavala, buku lililonse, nsapato zonse zimene ndinkanyadira kuti ndakugulira ndine, zinachokera pa ntchito imene iwo anaiteteza ali m'chitokosi, chingwe chikuwadikira. Ine ndinkangonyamula n'kukupatsa.

Bwera, mwana wanga.

Ndafunsa kusiteshoni. Sitima imanyamuka kwanuko Lachisanu m'mawa, imayenda maola khumi ndi limodzi, kenaka basi maola awiri. Nyumba ndi yomweyi, geti tinalipaka utoto wobiriwira. Ngati sukufuna kuona nkhope yanga, ndimvetsa. Ndalankhula kale ndi mayi wa sitolo ya pakona, wavomera kuti ndizikakhala kuseri kwa kauntala yake masana onse amene uli kuno, ndipo ndizimuthandiza kuwerenga mabotolo. Sukakamizidwa kundipatsa moni.

Ukabwera, udziwe izi. Nthawi imene amakhala bwino ndi kuyambira naini mpaka leveni m'mawa, mankhwala atangogwira. Amamva ndi khutu lakumanja, ndiye ukhale mbali ya windo. Sadzakuzindikira msanga, chifukwa chithunzi chako chimene ali nacho n'cha tsiku la ukwati wako, ndipo ndinachita kuwapatsa mobisa. Usadabwe akayamba kuyang'ana kumapazi kwako. Ukapanda kupeza mawu, usavutike. Ndi munthu amene anazolowera mphindi khumi ndi zisanu ndi waya pakati.

Ukasankha kusabwera, undilembere mzere umodzi wokha, kuti ndileke kuwanamiza kuti ndikupita kukagula sopo pamene ndikupita kukafunsa makalata.

Undiperekere moni kwa bambo a ana. Ana uwapsompsone, ndipo wamng'onoyo umuuze kuti agogo ake a masamu akufunsa ngati anaphunzira kuchulukitsa ndi seveni. Za m'kalatayi uwauza iwe mwini pamene ufunire, kapena osawauza. Mulungu akusunge, akupatse tulo tabwino, ndipo akuyendetse bwino panjira ngati unyamuka.

Chiwerengero chomaliza, chokonzedwa:

Masiku amene buku linati 60 pamene zinali 59: ndinkati 11. Ndi 12.
Amene ndinavomera pamaso pa woweruza: 0.
Zaka za m'ndende: iwo 17, ine 0.
Masabata otsala, mmene ndikuonera ine: 6.
Kuchotsapo imodzi imene kalatayi idye panjira: 5.

Ndine, ngati dzinali ukundilolabe,

Amayi ako aakulu